Kodi Tsiku Linangokwana? Shuga, Mitsempha ndi Mliri wa Kolona

Pa 12 Januwale 2021, dziko la Malawi lidataya nduna ziwiri tsiku limodzi. A Lingson Belekanyama, nduna ya maboma ang'onoang'ono, ndi a Sidik Mia, nduna ya zamtengatenga, onse adamwalira ndi Covid-19, ndipo tsiku lomwelo Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Mwezi umenewo zipatala zikuluzikulu zidadzaza, mpweya wa okosijeni udavuta, ndipo kumanda ena adzukulu ankangoima chapatali kuonerera anthu azaumoyo, ovala zodzitetezera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akutsitsa bokosi.

Pa maliro ambiri a nthawi imeneyo pankamveka mawu a mitundu iwiri. Ena ankayankhulidwa mokweza pamaso pa anamfedwa: "Pepani, tsiku lawo linakwana, ndi chifuniro cha Mulungu." Ena ankanong'onedwa kuseri kwa nyumba, kumene amayi amapakulira nsima: "Paja anali ndi shuga bambowa. Komanso kusamva, tiyi wawo masipuni anayi." Mawu oyamba amachotsa mlandu pa aliyense. Achiwiri amausenzetsa wonse pa womwalirayo, amene sangathenso kudziyankhira. Kawirikawiri munthu mmodzi yemweyo ndiye amanena zonse ziwiri, kutengera kuti waima pati.

Funso lake ndi lakale kwambiri kuposa kolona: munthu akafa ndi matenda, imfayo idalembedwa kale kumwamba, kapena waikoka yekha? Matenda a shuga ndi malo abwino oyesera funsoli, chifukwa madokotala adatsata mapazi a imfa zimenezi mpaka m'kati mwa mitsempha ya magazi, ndipo zimene adapeza sizikondweretsa mbali iliyonse mwa ziwirizo.

Chizindikiro choyamba chidachokera ku China. Mu Febuluwale 2020, akatswiri a boma a kumeneko adaunika anthu 44,672 amene adapezeka ndi kachilomboka. Mwa onse, 2.3 pa 100 alionse adamwalira, koma mwa odwala shuga chiwerengerocho chidafika pa 7.3. Ku England, munthu mmodzi mwa atatu alionse amene adafera m'chipatala ndi Covid-19 m'miyezi yoyamba ya mliri anali ndi shuga. Ku Western Cape, m'dziko la South Africa, madokotala adaona zomwezo, ndipo ngozi inkakula kwa amene shuga wawo adakhala wokwera kwa nthawi yaitali.

Koma odwala shuga onse sadagwe mofanana. Kafukufuku wa ku France wotchedwa CORONADO adatsata odwala shuga 1,317 amene adagonekedwa ndi Covid-19 m'zipatala 53 mu Malichi 2020. Pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri, pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse anali atamwalira. Ofufuzawo atayang'ana chimene chidasiyanitsa akufa ndi opulumuka, adapeza ukalamba, komanso mitsempha imene idaonongeka kale. Amene shuga anali atawaononga timitsempha ta m'maso, ta mu impso kapena ta m'mapazi, ndiponso amene anali ndi vuto la mitsempha ikuluikulu ya mtima ndi ya miyendo, ngozi yawo yomwalira msanga inali yowirikiza kawiri kapena kupitirira. Kachilomboka kankapeza ntchito ina itagwiridwa kale.

Kuti izi zimveke, pafunika kulowa m'kati mwa mtsempha. Mtsempha uliwonse wa magazi, waukulu ngati chala ngakhale waung'ono kuposa tsitsi, uli ndi kachikopa kopyapyala kwambiri m'kati mwake, ka maselo oyalana mzere umodzi. Kachikopa kameneka kamagwira ntchito usiku ndi usana. Kamatulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide umene umafewetsa mtsempha kuti utambasuke, kamaletsa magazi kuundana pamalo posayenera, ndipo kamasankha chimene chituluke m'magazi kulowa m'minofu. Shuga akakhala wokwera kwa zaka, amamatirira ku mapuloteni a m'khoma la mtsempha. Khomalo limakhuthala ndi kuuma, nitric oxide amachepa, timitsempha ting'onoting'ono timayamba kudontha kapena kutsekeka, magazi nawo amasanduka osachedwa kuundana. Zonsezi zimachitika popanda kupweteka kulikonse. Munthu amadzazindikira pamene maso ayamba kuchita chidima, pamene mapazi achita dzanzi mpaka kuponda minga osamva, pamene kachilonda ka pachala kakana kupola, kapena pamene mkodzo wayamba kuchita thovu chifukwa impso zikutaya mapuloteni.

Mapapo nawo sapulumuka, ngakhale sadandaula msanga. M'mapapo muli timatumba ta mpweya mamiliyoni mazanamazana, ndipo kalikonse kazunguliridwa ndi timitsempha topapatiza kwambiri moti maselo ofiira a magazi amadutsamo mmodzimmodzi. Apa ndi pamene okosijeni amaolokera kulowa m'magazi. Mwa wodwala shuga wa zaka zambiri, khoma loolokeralo limakhala litakhuthala pang'ono. Masiku abwinobwino sazindikira kanthu, chifukwa mapapo ali ndi mphamvu yapadera yosungira tsiku loipa.

Tsiku loipalo ndi limene kolona adabweretsa. Poyamba aliyense ankamutenga ngati chibayo chabe, koma madokotala oyeza mitembo adaona zina. Mu Epulo 2020, gulu la ku Zurich lidalemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti lapeza kachikopa ka m'kati mwa mitsempha katatupa m'ziwalo zosiyanasiyana za odwala Covid-19. Mwezi wotsatira, gulu lina lidayerekeza mapapo a anthu asanu ndi awiri ofa ndi Covid-19 ndi a ena asanu ndi awiri ofa ndi chimfine choopsa cha H1N1. M'mapapo a ofa ndi kolona, timagazi toundana totseka timitsempha tinali tochuluka kasanu ndi kanayi. Kachilomboka kamalowa m'maselo kudzera pa khomo lotchedwa ACE2, lomwe ntchito yake yeniyeni ndi kuthandiza kuti mitsempha isafinyike ndi kutupa, ndipo kakaligwira ntchito imeneyo imasokonekera. Chitetezo cha m'thupi chikadzuka mwaukali, chimapwetekanso kachikopa komweko. Mpweya ungathe kufika m'mapapo, koma ngati timitsempha tatsekeka, palibe woutenga kupita nawo ku ubongo ndi ku mtima.

Alimi a m'madimba othirira amaidziwa bwino nkhaniyi. Ngalande imene makoma ake akhala akukokoloka pang'onopang'ono imaoneka ngati ikugwirabe ntchito chaka ndi chaka, kufikira tsiku limene mtsinje wadzaza. Madzi omwewo amene ngalande ya mnzako yawapirira, yako amaigumula. Ndipo mvula ikakuona litsiro sikata: matendawo amakwezanso shuga, ndipo dexamethasone, mankhwala amene kafukufuku wa RECOVERY ku Britain adaonetsa mu Juni 2020 kuti amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala opumira makina, nawonso amakweza shuga.

Pali chinthu chinanso chimene madokotala adadziwa kale kolona asanabwere, chakuti mitsempha siiwala. Kafukufuku wa DCCT ku America ndi Canada, amene zotsatira zake zidatuluka mu 1993, adagawa odwala shuga 1,441 m'magulu awiri. Gulu lina lidasamalidwa mwakhama kuti shuga akhale pafupi ndi wa munthu wabwinobwino, lina lidalandira chithandizo cha masiku onse. Mwa amene anali asanayambe vuto la maso, chisamaliro chakhamacho chidachepetsa ngozi ya vutolo ndi 76 pa 100. Chodabwitsa chidadza pambuyo pake. Kafukufuku atatha, shuga wa magulu awiriwo adafanana, koma kwa zaka zambiri gulu loyamba lidapitiriza kukhala ndi maso, impso ndi mtima wabwinopo. Ku Britain, kafukufuku wa UKPDS adapeza zofanana mu 2008 mwa odwala shuga wa akuluakulu: phindu la zaka zoyamba linali kuonekabe patapita zaka khumi. Kutanthauza kuti munthu amene adagonekedwa mu Januwale 2021 adalowa m'chipatala atanyamula zaka za 2005, 2010 ndi 2015 m'mitsempha mwake.

Wonong'oneza kuseri kwa nyumba uja akamva izi adzati wapambana mlandu. Ngati thupi limasunga mbiri, ndiye kuti munthu wakolola zimene adafesa. Koma mbiri imeneyo idalembedwa ndi manja angati?

Shuga wa akuluakulu amatha kukhala m'thupi zaka zingapo asanadziwike, ndipo ena tsiku loyamba kuyezedwa amapezeka kuti maso ayamba kale kuonongeka. Kafukufuku wa boma ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO wa 2009 adapeza kuti Amalawi pafupifupi 6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga wokwera. Kafukufuku wina wa ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe, wofalitsidwa mu 2018, adapeza kuti pafupifupi anayi mwa khumi alionse odwala shuga sankadziwa n'komwe kuti akudwala. Munthu sanganyozere langizo limene sadalimvepo. Ngakhale odziwawo, njira yawo ndi yokwera. Ofufuza amene adayeza maso a odwala shuga a ku Queen Elizabeth mu Blantyre ndi a ku Zomba adapeza kuti pafupifupi theka anali ndi timitsempha ta m'maso toonongeka, ndipo awa ndi anthu amene ankapita ku kiliniki. Mayi wa kumudzi amene wauzidwa kuti achepetse nsima adye ndiwo zambiri zamasamba, nsomba ndi nyemba, amabwerera kunyumba kumene chakudya chodalirika ndi nsima yomweyo. Wauzidwa kuti asadumphitse metformin, koma ulendo wokatenga mankhwalawo umadya ndalama ya sopo ndi mchere. Wobaya insulini amauzidwa kuti azisunga pozizira m'nyumba yopanda magetsi, ndipo ambiri amadalira mtsuko wa dothi wa madzi ozizira.

Mbiriyo imayambanso kale kuposa pamenepa. Mu 1992, akatswiri awiri a ku Britain, Nicholas Hales ndi David Barker, adafotokoza kuti mwana amene adasowa chakudya ali m'mimba ndi ali wakhanda amakula ndi thupi lozolowera kusunga, ndipo thupi lotere likadzapeza chakudya chokwanira pa ukulu siligwira bwino shuga. Umboni wina udachokera ku Netherlands, kumene kudagwa njala yoopsa m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945. Ana amene anali m'mimba nthawi imeneyo atafika zaka makumi asanu, matupi awo ankalephera kugwira shuga kuyerekeza ndi anzawo obadwa njala isanafike kapena amene amayi awo adatenga pakati njala itatha. Malawi idaona njala ya 1949 ndi ya 2002, ndipo kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Nawo mtundu wa makolo uli ndi gawo lake. Bambo wa masipuni anayi uja adasankhadi masipuniwo, koma sadasankhe makolo ake, chaka chimene adabadwa, kapena mtunda wa pakati pa mudzi wake ndi chipatala chokhala ndi makina oyezera shuga.

Chilakolako chofuna wolakwa pa matenda alionse si chachilendo kwa Achewa. Miyendo ikatupa, munthu n'kumaonda ndi kutsokomola, akuluakulu ankafunsa za tsempho kapena mdulo: ndani wathira mchere m'ndiwo ali wotentha, ndani wayenda njira zosayenera? Zikakanika apo, maso ankatembenukira kwa mfiti. Lero impso zoonongeka ndi shuga zimatupitsa miyendo chimodzimodzi, ndipo chala chimene kale chinkaloza mkamwini kapena gogo wa kumapeto kwa mudzi tsopano chimaloza wodwala mwiniwake. Dzina la mlandu lasintha, koma bwalo ndi lomwe lija.

Malemba amene Amalawi ambiri amawerenga amakana bwalo limeneli kangapo. Abwenzi atatu a Yobu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, adachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba pamene adangokhala naye pansi osayankhula. Adalakwa atatsegula pakamwa kumuuza kuti zilonda zake ndi malipiro a tchimo lobisika, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu akudzudzula iwowo. Pa Luka 13, Yesu akukumbutsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idawagwera, n'kukana kuti anali oipa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Pa Yohane 9, ophunzira akuona munthu wobadwa wakhungu ndipo akufuna kudziwa ngati wochimwa ndi iye kapena makolo ake. Yesu akukana zonse ziwiri, ndipo chotsatira chake ndi ntchito: akukanda thope, akumupaka m'maso, akumutuma kukasamba. Ophunzira ankayang'ana kumbuyo kufuna woyambitsa, Mphunzitsi adayang'ana chimene chingachitidwe munthuyo akadali pamaso pawo.

Akatswiri a za kaganizidwe nawo adalimbana nalo funsoli. Mu 1976, Bernard Williams ndi Thomas Nagel adaonetsa kuti anthu amaweruzidwa kawirikawiri pa zinthu zimene mwayi ndi tsoka zidaikapo dzanja. Taganizani za anthu awiri odwala shuga, onse okonda zotsekemera mofanana, onse odumphitsa mankhwala mofanana. Wina adakwera minibasi imene munali munthu wotsokomola, wina adakwera yotsatira. Woyamba anthu amamukumbukira ngati wosamva amene adadzipha yekha. Wachiwiri akadali moyo, ndipo pa ukwati amamupatsa botolo la chakumwa chotsekemera akuseka naye. Khalidwe lawo linali limodzi, chigamulo cha anthu chidatsata minibasi.

Ndiye kodi wolankhula pamaso pa anamfedwa uja ndiye adalondola? Mawu akuti tsiku linakwana ali ndi ntchito yake yabwino. Amapumitsa mkazi wamasiye amene usiku wonse wakhala akudzifunsa chifukwa chimene sadaumirire kuti apite kuchipatala Lachiwiri. Vuto limabwera mawu omwewo akatuluka pa maliro n'kukalowa m'nyumba ya munthu wamoyo, kumene amasanduka chifukwa chosayezetsera: "Ngati n'kufa ndifa basi, tsiku likakwana palibe dokotala angaletse."

Zipembedzo zomwe zimaphunzitsa za chifuniro cha Mulungu sizidaphunzitse ulesi umenewu. Pa 2 Mafumu 20, mfumu Hezekiya akuuzidwa ndi mneneri Yesaya kuti akonze za nyumba yake pakuti afa. Akupemphera, akuonjezeredwa zaka 15, ndipo m'nkhani yomweyo Yesaya akulamula kuti pa chithupsa chake aikepo nkhuyu zoponda. Pemphero ndi mankhwala zili m'mutu umodzi wa buku, ndipo wolemba sadaone chotsutsana. Asilamu ali ndi mbiri ya Khalifa Umar, amene cha m'ma 639 anali pa ulendo wa ku Siriya pamene adamva kuti kutsogolo kwagwa mliri, uja umatchedwa wa Amwas. Atafunsa maganizo a anzake, adaganiza zobwerera. Abu Ubayda adamufunsa ngati sakuthawa chikonzero cha Mulungu, ndipo Umar adamuyankha kuti kubwererako nakonso kuli m'chikonzero cha Mulungu yemweyo. Wokhulupirira amene amamwa mankhwala ake m'mawa uliwonse ali m'mapazi a Hezekiya ndi Umar.

N'chifukwa chake mneneri wamakono amene amauza wodwala shuga kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro amachita choipa chachikulu, ngakhale mlandu wake suoneka msanga. Wodwalayo sagwa tsiku lomwelo. Amachitira umboni Lamulungu lotsatira kuti wachira, mpingo n'kuwomba m'manja, pamene shuga akupitiriza ntchito yake m'maso ndi mu impso. Patapita zaka, phazi likadulidwa kapena chifuwa chikamutenga, palibe amene amakumbukira tsiku la mapiritsi lija.

Chimene mitsempha ikuonetsa ndi chakuti imfa zambiri za odwala shuga m'nthawi ya kolona zidakonzeka pang'onopang'ono, ndipo okonza ake anali ambiri: njala ya ubwana, mtundu wa makolo, umphawi, kutalika kwa chipatala, ulaliki wolakwika, zosankha za mwiniwake, ndi tsoka lokumana ndi kachilombo katsopano. Kuweruza womwalira ndi kusadziwa kuwerenga mbiri imeneyi. Kunena kuti palibe chikadasintha ndi kusadziwanso, chifukwa zimene DCCT ndi UKPDS zidapeza zili ndi mbali yokoma: thupi limasunganso zabwino. Chaka chilichonse chimene shuga ndi kuthamanga kwa magazi zasamalidwa chimakhala chitetezo cha zaka za m'tsogolo, pa matenda amene sadafike n'komwe. Udindo ulipo ndithu, ndipo uli pa amoyo onse, kuyambira wodwala, apabanja ophika ndiwo, abusa ndi mashehe, mpaka amene amagawa ndalama za mankhwala m'boma.

Katemera woyamba wa Covid-19 adafika m'Malawi mu Malichi 2021, ndipo pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO lidalengeza kuti matendawa sakutengedwanso ngati ngozi ya dziko lonse. Amalawi oposa 2,600 anali atamwalira, kungowerenga olembedwa m'mabuku a boma. Zotchinga pakamwa zidatayidwa, zidebe zosambira m'manja zidabwerera kukatunga madzi, koma matenda a shuga sadapite kulikonse, ndipo chibayo, chimfine choopsa ndi chifuwa chachikulu zimagundabe kwambiri anthu omwewo.

Mipingo ndi mizikiti ili ndi chimene zipatala zilibe: anthu amabwera okha sabata iliyonse, akadali bwino. Mabungwe a amayi ndi a abambo amene amasonkha ndalama za chipepeso angathe kusonkhanso za kamakina koyezera shuga ndi ka BP, n'kupempha namwino wa mumpingo momwemo kuti aziyeza anthu mapemphero akatha. Aliyense wopitirira zaka 40, wonenepa, kapena amene kwawo kuli shuga, ayezetse ngakhale sakumva kuwawa paliponse. Amene adapezeka nawo kale asamangofunsa nambala ya shuga wa tsikulo akapita ku kiliniki. Apemphe kuti awayeze BP, avule nsapato kuti awaone mapazi, ndipo kamodzi pa chaka awaunike m'maso ndi kuwayeza mkodzo.